Mvula ikagwa mpikisano uli mkati: kulowa ku pit kapena kupirira panja?

Funso

Akatswiri, ndine Mmalawi wokhala ku Johannesburg, ndimagwira ntchito yoperekera katundu pa njinga yamoto. Lamlungu la MotoGP, mpikisano waukulu wa njinga zamoto padziko lonse, likafika ndimakhala pa TV, ndipo ndimachemerera Brad Binder monga amachitira anzanga a kuno. Chimene chimandizunguza mutu ndi mvula. Mu 2021 ku Austria, Binder anakana kukasintha njinga mvula itagwa, anapambana, aliyense n'kumati ndi dolo. Mu 2024 ku Misano, Jorge Martin anathamangira kukasintha njinga mvula itangowaza, anathera pa nambala 15, aliyense n'kumati wabalalika. Nanga nzeru yake ndi iti? Kodi ndi mwayi chabe ngati njuga? Funso lachiwiri: ndikusunga ndalama kuti ndikayese tsiku la anthu wamba pa bwalo la mipikisano. Ikadzagwa mvula tsikulo, ndidzatani ndi matayala anga?

Yankho

Achimwene, zikomo chifukwa cha kalata yanu, ndipo mtima ukhale m'malo. Chimene chikukuzunguzanicho chimazunguzanso anthu amene amalipidwa ndalama zambiri kuti achidziwe, okhala ndi makompyuta ndi zithunzi za mitambo patsogolo pawo. Ine ndagwira sipanala zaka zambiri pa mipikisano ing'onoing'ono kuno ku Gauteng, kumene mitambo ya m'dzinja imabwera masana osaodira, ndipo palibe nthawi imene m'galaja mumabuka mikangano ngati pamene madontho oyamba agunda malata. Mwayi ulimo, sindikana. Koma Binder ndi Martin onse awiri anali ndi funso limodzi la masamu, ndipo mukalidziwa funsolo mudzayamba kuona pa TV zimene anzanu sakuona.

Tiyambe ndi tayala. Ambiri amaganiza kuti vuto la mvula ndi madzi okha, koma theka la vutolo ndi kutentha. Tayala la pouma, limene timati slick, ndi losalala, lilibe mizere, kuti mphira wambiri ukhudze phula. Limagwira pansi likatentha, cha m'ma digiri 100, n'chifukwa chake mumaona njinga zitavala mabulangete a magetsi m'matayala mpaka mphindi yomaliza. Mvula ikayamba, wokwera amachepetsa liwiro, tayala limasiya kupindika ndi kudzitenthetsa, madzi n'kumaliziziritsa. Likazizira mphira umauma, njinga imaterereka, wokwera amachepetsanso liwiro, tayala n'kuziziriratu. Wokwera wolimba mtima amene akukankhabe njinga m'kamvula kowaza amasunga kutentha, ndipo nthawi zina amakhala wotetezeka kuposa mnzake amene wachita mantha n'kubwerera m'mbuyo.

Tayala la mvula nalo lili ndi matenda ake. Mphira wake ndi wofewa kwambiri, ndipo uli ndi tingalande totaya madzi kumbali. Timagulu ta mphira tili pakati pa tingalandeto timagwedezeka n'kupanga kutentha ngakhale pozizira, ndipo madzi a pamsewu ndi amene amaliteteza kuti lisapse. Msewu ukauma limatentha mopitirira, limayamba kusungunuka, kenako kuthothoka zidutswa. Mukaona wokwera akusiya njira youma n'kumafunafuna zithaphwi pamalo owongoka, sanasokonezeke, akuziziritsa matayala.

Chitsanzo chimene ndimachikonda ndi cha ku Brno mu 2016. Msewu unali wonyowa poyamba, ndipo ambiri anasankha matayala a mvula ofewa, n'kuthawa. Cal Crutchlow anasankha olimba kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Maraundi oyamba anali kutali kumbuyo, akuoneka ngati wataika. Msewu utayamba kuuma, matayala a kutsogolo a anzake anayamba kung'ambika, ake ali bwinobwino, ndipo anawadutsa mmodzimmodzi mpaka kupambana. Anakhala munthu woyamba wa ku Britain kupambana m'gulu lalikululi kuchokera pamene Barry Sheene anapambana mu 1981. Sanalowe n'komwe ku pit, malo a m'mbali mwa bwalo kumene kuli magalaja a matimu. Mpikisano anaupambanira m'galaja, usanayambe.

Mwina mungafunse kuti bwanji osapanga tayala la pakatikati. Lilipo, ndipo ku WorldSBK, mpikisano wina wa njinga zamoto wa padziko lonse, amaligwiritsa ntchito. Michelin, imene yakhala ikupereka matayala onse a MotoGP kuyambira 2016, inabwera nalo chaka choyambacho, koma mu 2017 linachotsedwa. Choncho wokwera wa MotoGP ali ndi njira ziwiri zokha, ndipo pamsewu wonyowa pang'ono zonse ziwiri ndi zolakwika. Amangosankha yolakwika pang'ono.

Tsopano za ku pit. Kale mvula ikagwa mpikisano unkaimitsidwa n'kuyambiranso. Mu 2005 kunabwera lamulo loti mpikisano uzipitirira mpaka kumapeto, ndipo linagwira ntchito koyamba ku Phillip Island ku Australia mu 2006, komwe anapambana Marco Melandri. Akuluakulu akakupiza mbendera yoyera, ndiye kuti wokwera waloledwa kulowa. Ku MotoGP sasintha matayala ngati ku mipikisano ya magalimoto ya Formula 1. Wokwera aliyense ali ndi njinga ziwiri, amafika, kudumpha pa ina, kukwera inzake, ulendo. Chifukwa chake n'chakuti njinga ya mvula si matayala okha. Masipuling'i ndi mashoko amafewetsedwa kuti tayala lizimva msewu, injini imauzidwa ndi kompyuta kuti izipereka mphamvu mwaulemu, ndipo mbale za mabuleki zimakutidwa kuti zisazizire. Mbalezi ndi za kaboni, ndipo kaboni wozizira sagwira.

Kudumphako kumatenga masekondi ochepa. Chimene chimadya nthawi ndi njira ya ku pit, chifukwa mmenemo saloledwa kupitirira makilomita 60 pa ola, pomwe anzake panja akuuluka. Kumbukirani kuti izi ndi njinga zimene Binder yemweyo anafika nazo pa makilomita 366.1 pa ola ku Mugello mu 2023. Pa mabwalo ambiri kulowa kamodzi kumadya masekondi 30 kapena kuposa, ndiye muwonjezepo raundi yoyamba imene wokwera akuphunzira njinga yatsopano. Mutu ukatentha anthu amalakwitsanso mmenemo. Ku Le Mans mu 2021 Jack Miller anathamanga mopitirira polowa, anapatsidwa chilango chodutsa njira yaitali kawiri, koma anapambanabe. Fabio Quartararo tsiku lomwelo anaima pamalo a mnzake wa timu imodzi.

Masamu aja ndi awa. Tiyerekeze kuti kulowa kukudyerani masekondi 35, ndipo matayala atsopano akupatsani masekondi 10 pa raundi iliyonse kuposa amene watsala panja. Mukufunika maraundi 4 kuti mubweze ngongoleyo. Ngati atsala 10, lowani. Ngati atsala 3, simubweza, pokhapokha mvula ikulireko n'kukweza phindu lanu kufika pa masekondi 15 kapena 20, kapena mnzanu wa panjayo agwe. Vuto n'lakuti nambala imodzi yokha ndiyo yodziwika, ya maraundi otsala. Ina ija ili m'mitambo.

Tengani tsiku la Binder. Mpikisano wa pa bwalo la Red Bull Ring ku Austria unali wa maraundi 28, ndipo mvula inalimba atatsala 3. Kutsogolo kunali gulu la anthu 6: Marc Marquez, Francesco Bagnaia, Martin, Quartararo, Joan Mir ndi Binder. Asanu analowa, Binder anapitirira. Chimene chinamuchitikira pambuyo pake ndi chija ndafotokozachi: matayala anazizira, mabuleki a kaboni anazizira, ndipo raundi yomaliza njinga inkakana kuima, mpaka anatuluka m'malire a msewu n'kupatsidwa chilango cha masekondi 3. Bagnaia, ali ndi matayala a mvula, ankamudya masekondi oposa 10 pa raundi yomalizayo, akudutsa ngati aima ena amene anatsala panja. Anafika wachiwiri, Martin wachitatu. Kukanakhala raundi ina imodzi kapena ziwiri, akanamupeza. Masamu anali kumbali ya Binder, koma pang'ono zedi, ndipo anafunika manja osowa kuti njingayo ifike ili chiimire. Onaninso kuti iye sanali kulimbirana chikho cha chaka, ndipo anali pa bwalo la kwawo kwa KTM, kampani ya njinga yake. Akanagwa, akanataya mapointi ochepa. Onaninso kuti kulowa nakonso sikunali chitetezo chokwanira: Marquez anagwa atasintha kale njinga.

Musatenge nkhaniyi ngati lamulo loti kupirira panja n'kwabwino. Ku Aragon mu 2014 Marquez ndi Dani Pedrosa anali patsogolo mvula ikukula, anakakamira ndi ma slick, ndipo onse awiri anagwa. Jorge Lorenzo analowa nthawi yake n'kupambana, ndipo Aleix Espargaro, amene analowa msanga, anafika wachiwiri. Anthu amakumbukira amene anapirira n'kupambana, amaiwala ambiri amene anapirira n'kukathera m'miyala ya m'mbali.

Za Martin ku Misano ndikhalepo pang'ono, chifukwa ndi pamene pali phunziro lenileni. Mpikisano unali wa maraundi 27, ndipo mvula inawaza koyambirira, patatsala maraundi pafupifupi 20. Martin anali wachiwiri kumbuyo kwa Bagnaia, ndipo Franco Morbidelli anali atangogwa kumene pafupi naye. Mukayang'ana masamu aja, kulowa kunali ndi nzeru yake: maraundi anali ambiri, mvula ikanakhazikika akanabweza ngongole n'kusiya anzake kutali. Cholakwika chinali chakuti sanayeze mtengo wa kudikira. Kudikira raundi ina imodzi kuti aone kukanamudyera masekondi ochepa chabe. Kulowa molakwika kunamudyera kawiri, chifukwa mvula italeka anayenera kubwereranso kukatenga njinga ya pouma. Zili ngati mlimi amene wabzala ndi mvula ya chizimalupsya: mbewu yapita, ndipo adzagulanso ina. Marquez, amene amakonda msewu woterera pang'ono, anasunga kutentha m'matayala, anadutsa onse n'kupambana.

Chachiwiri, ndipo kwa ine chachikulu, Martin anaiwala amene ankalimbana naye. Ankatsogola pa mapointi a chaka ndi 26, ndipo mdani wake anali Bagnaia, amene anali patsogolo pake penipeni. Munthu wotsogola pa mapointi safunika kupambana tsiku la chisokonezo. Amangochita chimene mdani wake wachita. Bagnaia akalowa, nayenso alowe. Akapitirira, nayenso apitirire. Akalakwitsa alakwitsire limodzi, kusiyana kwa mapointi sikusintha kwenikweni. Martin anasiyana naye, anapeza pointi imodzi, Bagnaia anafika wachiwiri, ndipo kusiyana kunatsika kufika pa 7. Koma musamutche wobalalika. Chikho cha 2024 anatenga ndi iyeyo, ndipo mipikisano yotsatira anaiyendetsa ndi mutu wozizira.

Msewu ukamauma nkhani imatembenuka, ndipo apa wofulumira ndiye kawirikawiri amadya. Chifukwa chake n'chakuti kuuma kumaoneka ndi maso. Njinga zikamadutsa malo amodzi zimatsegula kanjira kouma, ndipo kanjirako kamakula raundi iliyonse, pomwe matayala a mvula akupsa. Marquez wapambana kambiri motere. Ku Sachsenring mu 2016 anatuluka mumsewu kukali konyowa n'kutsalira, analowa msanga, anatenga ma slick, ndipo pamene atsogoleri ankazindikira anali atawatha kale. Valentino Rossi tsikulo anachedwa panja timu yake ikumuitana, anatenga matayala a pakatikati aja, anathera pa nambala 8. Ku Brno mu 2017 Marquez analowa kumapeto kwa raundi yachiwiri yokha, n'kupambana ndi masekondi 12. Tsiku lomwelo Lorenzo analowa n'kupeza njinga yake yachiwiri isanakonzeke, ndipo Andrea Iannone anagwa m'njira ya ku pit pozemba Aleix Espargaro amene ankatuluka. Izi zimandikhudza monga makaniko, chifukwa timu nayo imalosera: njinga yachiwiri tiikonzere mvula kapena pouma? Kuisintha kumatenga mphindi zingapo, ndipo wokwera akabwera msanga kuposa mmene munagwirizana, palibe chimene manja angachite.

Komabe slick pa msewu wouma theka ndi choopsa. Kanjira kouma kaja kangakhale kopapatiza kwambiri, ndipo mukakaphonya pang'ono muli pamadzi ndi tayala lopanda mizere. Ku Misano mu 2015 mvula inabwera n'kupita, ambiri anasintha njinga kawiri. Lorenzo anagwa atangobwerera pa ma slick. Marquez analowa kawiri n'kupambana, Bradley Smith sanalowe n'kamodzi komwe n'kufika wachiwiri, ndipo Scott Redding anagwa, anadzuka, n'kufika wachitatu. Anthu atatu, njira zitatu zosiyana, onse pa nsanja ya opambana.

Wokwera amaona chiyani ali pa njinga? Madontho pa galasi la helemeti amanama. Pa liwiro la makilomita 300 pa ola, kamvula kosanyowetsa n'komwe malaya kamaoneka ngati chimvula. Odziwa amayang'ana mtundu wa phula, ngati layamba kuda ndi kunyezimira. Amayang'ana tayala la kumbuyo la amene ali patsogolo, ngati likuponya madzi. Amamvera njinga ikaponda penti ya mizere yoyera ndi ya m'mphepete mwa makona, chifukwa pamenepo ndi poyamba kuterera. Oyang'anira m'mbali amakupiza mbendera yoyera ya mtanda wofiira kusonyeza kuti chigawo chimenecho kukugwa madontho. Bwalo ndi la makilomita 4 kapena 5, kotero mbali ina kungakhale chimvula, ina kuli gwaa.

Timu imaona zina zimene wokwera sangaone. Ili ndi zithunzi za mitambo, ndipo koposa zonse ili ndi nthawi za amene wayamba kulowa. Munthu wa kumbuyo, wopanda chotaya, akasintha njinga, magalaja onse amakhala maso pa nthawi zake. Akangoyamba kuthamanga kuposa atsogoleri, mumaona mabolodi olembedwa BOX, ouza wokwera kuti alowe ku pit, akutuluka pa khoma. Koma macheza a pa wailesi pakati pa wokwera ndi injiniya wake, amene mumawamva ku Formula 1, si mmene MotoGP yakhala ikuyendera. Pali bolodi ndi timauthenga tatifupi pa dashibodi, basi. Chigamulo chomaliza ndi cha wokwera, yekhayekha, mtima ukugunda, ali ndi masekondi ochepa asanadutse polowera. Mukamaonera, chitani zimene timu imachita: werengani maraundi otsala, pezani woyamba kusintha, yerekezani nthawi yake ndi ya wotsogola, kenako onani kuti olimbirana chikho akuyang'anana bwanji.

Nthawi zina nkhondo imayamba magetsi oyambitsira mpikisano asanazime. Ku Argentina mu 2018 Miller yekha anakhala pamalo ake oyambira ndi ma slick anzake onse atathawira ku pit kukasintha, mpikisano n'kuchedwetsedwa. Ku Austin mu 2025 Marquez anasiya njinga pamzere n'kuthamanga wapansi kukatenga ina, ambiri n'kumutsatira. Ndipo ku Le Mans chaka chomwecho, pamene ambiri anasinthira ku ma slick n'kulandira zilango chifukwa cha kusinthako, Johann Zarco anakhulupirira kuti mvula ibweranso, anayamba ndi matayala a mvula n'kuwasamala pamsewu wouma theka. Mvula inabweradi, anzake analowa, iye anapitirira n'kupambana ndi masekondi pafupifupi 20. Anakhala Mfalansa woyamba kupambana mpikisano wa kwawo m'gulu lalikulu kuchokera pa Pierre Monneret mu 1954. Mwa zonse ndatchulazi, ichi ndimachilemekeza kwambiri, chifukwa kusamala tayala lofewa pouma uku anzako akukudutsa kumafuna kudziletsa kovuta kuposa kulimba mtima.

Pali malire amene tayala lililonse silingadutse. Madzi akachuluka kuposa amene tingalande tingataye, tayala limayandama, ndipo pamenepo luso silithandiza. Ku Silverstone mu 2018 madzi ankadikha pa phula latsopano, Tito Rabat anathyoka mwendo Loweruka, ndipo Lamlungu mipikisano yonse inalephereka. Ku Motegi mu 2023 pafupifupi onse anasintha njinga itatha raundi yoyamba, koma mvula inakula mpaka mbendera yofiira yoimitsa mpikisano inatuluka atayenda maraundi 12, Martin ali patsogolo, n'kupatsidwa chipambano. Ichi nachonso chimalowa m'masamu: chimvula chikamakula, khalani patsogolo msanga, chifukwa mpikisano ungathere pomwepo.

M'magulu ena malamulo ndi osiyana. Ku Moto2 ndi Moto3, magulu ang'ono a pansi pa MotoGP, wokwera ali ndi njinga imodzi, choncho mvula ikasokoneza mpikisano umene unayamba pouma, amauimitsa. Ku WorldSBK amakaniko amasintha mawilo enieni, ndipo pali nthawi yoikika imene wokwera ayenera kukhala ku pit kuti anthu asamange mabawuti mothamanga. Ku mipikisano ya maola ambiri monga Suzuka 8 Hours ndi Bol d'Or, nzeru imakhala yophatikiza kusintha matayala ndi kuthira mafuta kuti asalowe kawiri. Ndipo kuyambira 2027 matayala a MotoGP adzakhala a Pirelli, kotero matimu adzayamba kuphunziranso kuti slick imapirira madzi ochuluka bwanji.

Tibwere kwa inu, achimwene. Ndasangalala kuti mukufuna kuthamangira pa bwalo osati pa msewu waukulu wa M1. Mabwalo monga Zwartkops pafupi ndi Pretoria ndi Red Star Raceway cha ku Delmas amakhala ndi masiku a anthu wamba. Muyambe mwawaimbira okonza tsikulo, muwauze njinga imene muli nayo, chifukwa njinga zing'onozing'ono zoperekera katundu sizilowa m'gulu lililonse, ndipo adzakuuzani zovala zofunika: helemeti yotseka nkhope yonse, zovala za chikopa, magolovesi ndi nsapato zofika m'miyendo. Ngati njingayo ndi ya abwana kapena ya ngongole, dziwani kuti inshuwalansi wamba kawirikawiri silipira ngozi ya pa bwalo. Funsani musanapite.

Za matayala, musawononge ndalama pa a mvula a mipikisano. Amafuna madzi enieni, amafuna mawilo apadera oti muzisinthira, ndipo pa msewu wa tsiku ndi tsiku saloledwa, angathe m'masiku ochepa. Tayala labwino la pamsewu la kampani yodziwika, lokhala ndi mizere yakuya, ndi limene likuyenerani, chifukwa linapangidwa kuti ligwire lisanatenthe kwambiri. Lamulo la South Africa limafuna mizere yosachepera milimita imodzi, koma pamvula milimita imodzi ndi yochepa kwambiri, musafike pamenepo. Yang'ananinso manambala anayi a m'mbali mwa tayala: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka chimene linapangidwa. Likapitirira zaka 5 mphira umakhala utayamba kuuma ngakhale mizere ikuoneka bwino.

Cholakwika chimene ndachiona kambiri ndi kuphwetsa tayala mvula ikagwa, poganiza kuti ligwira bwino. Mpweya ukachepa tingalande timatsekeka, madzi amasowa kothawira. Pamvula khalani pafupi ndi mpweya umene opanga njinga analemba, ndipo pa bwalo pamakhala munthu wa matayala amene ntchito yake ndi imeneyi. Mufunseni, musachite manyazi, ndipo muyeze matayala asanatenthe.

Mukalowa pa bwalo lonyowa, chitani chilichonse mofatsa. Gwirani buleki njinga ili chilili, yambani pang'ono kuti tayala la kutsogolo likhale pansi, kenako onjezani. Musapendeketse njinga kwambiri, tulutsani thupi lanu mkati mwa kona kuti njinga ikhale yoimirira. Mafuta muwatsegule mukayamba kuimiritsa njinga. Pewani penti. Mphindi zoyamba za mvula pambuyo pa masiku ouma ndi zoipa kuposa chimvula chimene chatsuka kale msewu, chifukwa fumbi, oilo ndi mphira wakale zimasanduka phala, ndipo izi mukuzidziwa kale kuchokera pa maloboti a m'tauni. Galasi la helemeti likamachita nthunzi, gulani kagalasi ka mkati koletsa nthunzi musanaganize za china chilichonse, chifukwa munthu wosaona sangasankhe njira. Ziphaliwali za kuno si zosewera nazo. Akaimitsa, tulukani. Ndipo inu mulibe chikho cholimbirana: ngati mtima ukukana, khalani m'galaja mudikire kuti kuume, palibe amene angakusekeni mwa anthu odziwa.

Tsiku loyamba lipirani mlangizi wa pa bwalo kuti akutsogolereni, makamaka kukanyowa. Maraundi ochepa kumbuyo kwa munthu wodziwa njira amaphunzitsa zimene kalata iyi singathe. Pitani kwa makaniko ngati chiwongolero chikugwedezeka, ngati tayala latupa malo ena kapena lili ndi ming'alu m'mbali, kapena ngati buleki ikufewa mukaigwira. Tayala lomatidwa chigamba musapite nalo pa bwalo.

Mukagwa, ngakhale pang'onopang'ono, lolani achipatala a pa bwalo akuoneni musanakwerenso. Ngati mutu unagunda pansi, tsiku lanu lathera pomwepo, ndipo helemetiyo musaigwiritsenso ntchito ngakhale ikuoneka yabwino kunja. Mukayamba kumva mutu wosaleka, chizungulire, nseru kapena kusanza, kuona zinthu ziwiriziwiri, kuiwala zimene zachitika kapena tulo tosaneneka, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, wina akuperekezeni, musayendetse nokha. Zizindikirozi zimatha kubwera patapita maola, choncho usiku woyamba musagone m'nyumba muli nokha, ndipo musabwerere pa ntchito yoperekera katundu mpaka dokotala atavomera.